Patha miyezi 11 ndi library yoyezera zilembo ija, bilu yafika

Lolemba ndinalandira imelo yondikumbutsa kuti laisensi ya library ija (kapulogalamu kopangidwa kale komwe timalumikiza m'mapulogalamu athu) ikutha mwezi wamawa, ndipo bilu anaiphatikiza pomwepo. Madzulo ake mnzanga wina, yemwe nayenso amalemba mapulogalamu, anandifunsa kuti, "Achimwene, chinthu munkachitama chija ndigule?" Ndinamupempha kuti andipatse masiku awiri, chifukwa zimene ndinalemba chaka chatha poitama library imeneyi ndinazilemba nditangoigwiritsa ntchito masabata atatu, mtima udakali m'mwamba.

Kwa amene simunawerenge zija, iyi ndi library yogula yomwe ntchito yake ndi kuyeza ndi kujambula mawu a mzere umodzi pa sikirini: mawu a pa batani, mitu ya matebulo, manambala a m'timabokosi. Pulogalamu yanga ndi yowerengera katundu, choncho paliponse pali matebulo odzaza makodi ndi mayina aataliatali.

Zabwino zilipo ndithu. Imathamanga, ngakhale tebulo likhale la mizere masauzande ambiri. Poika mawu pakati pa batani imadalira ascent ndi descent ya font, kutanthauza malo amene mtundu wa zilembowo umasiya pamwamba ndi pansi pa mzere, osati kutalika kwa zilembo zimene zili m'mawuwo, ndiye mabatani oyandikana onse amakhala pa baseline imodzi, mzere umene zilembo zimakhalapo, kaya mawuwo ali ndi g ndi y zolendewera kapena alibe. Kerning, yomwe ndi kusintha mpata wa pakati pa zilembo ziwiri, imaiwerengera, A ndi V zimayandikana bwinobwino. Imasiyanitsanso mtunda umene cholembera chimayenda ndi malo amene inki yafika, kotero f wopendekeka sadulidwa mutu.

Chimene chinandisangalatsa mosayembekezera ndi ŵ. Chilembochi kompyuta imachisunga m'njira ziwiri: ngati chimodzi, U+0175, kapena ngati w wamba wotsatidwa ndi kachipewa kake, U+0302. Zida zina zikamafupikitsa mawu aatali kuti ziike timadontho titatu kumapeto zimadula pakati pa w ndi kachipewako. Iyi sinachitepo zimenezo. Pamenepa ogulitsa ake ndimawavulira chipewa.

Tsopano chilonda changa. Mwezi wachinayi chiigulireni, kasitomala wina anandiimbira kuti kodi ya katundu yomwe akuiona pa sikirini sikupezeka akaifufuza. Iye ankawerenga C kumapeto, pomwe chenicheni chinali 0. Makodi athu ena amatheradi ndi chilembo, ndiye sanakayikire. Ndinatsegula pa kompyuta yanga, 0 ali bwinobwino, wozungulira. Ndinamuuza kuti mwina ndi maso, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira mawu amenewo. Atanditumizira chithunzi ndinaona kuti mbali ya kumanja ya 0 yametedwa, ngati munthu wadula ndi lumo.

Zinanditengera masiku atatu kuti ndipeze kusiyana kwa makompyuta athu. Pa kakulidwe ka zooneka pa sikirini, yanga ili pa 100%, yomwe pa Windows ndi 96 DPI, kutanthauza ma pixel (timadontho ta sikirini) 96 pa inchi. Laputopu yake ili pa 125%, kutanthauza 120 DPI. Point imodzi, muyeso wa kukula kwa zilembo, ndi gawo limodzi mwa magawo 72 a inchi, choncho font ya 9 point imakhala ma pixel 12 kwa ine koma 15 kwa iye. Mpaka apa palibe vuto. Vuto ndi loti library ikamayeza mawu imayeza ngati sikirini ili pa 96 DPI kenako n'kuchulukitsa ndi 1.25, koma ikamajambula imajambula pa 120 DPI penipeni, pomwe hinting, njira yoti zilembo zizioneka bwino pa sikirini, imakankhira m'lifupi mwa chilembo chilichonse ku pixel yathunthu. Mu font yanga nambala imodzi ndi ma pixel 7 pa 100%. Kuchulukitsa kuja kumapereka 8.75, koma chojambulidwa chimatenga 9. Kotala ya pixel, kanthu kosaoneka n'komwe. Koma pa kodi ya manambala 12 timakotala timeneti timakwana ma pixel 3, ndipo bokosi limene ndinamanga pokhulupirira muyeso uja limameta atatu amenewo kumanja. Pa mzere wa zilembo 40 kusiyanako kumatha kufika ma pixel 10, chilembo chathunthu n'kusowa. Choipa kwambiri n'choti timadontho titatu sitibwera, poti library ikukhulupirira kuti mawu akwana.

Ndinalembera ogulitsa. Yankho loyamba linabwera tsiku lomwelo, laulemu kwambiri, loti ndingowonjezera malo pang'ono kumbali kwa bokosi lililonse. Ndinawafotokozera kuti kusiyanako kumakula ndi kutalika kwa mawu, ndiye malo amene akwanira kodi yaifupi sangakwanire dzina lalitali. Anandipempha kapulogalamu kosonyeza vutolo. Ndinawalembera ka mizere 30, ndi zithunzi ziwiri, china pa 100% china pa 125%. Anathokoza, anavomera kuti aliona. Kenako zii, miyezi iwiri yathunthu.

Poyembekezerapo ndinachita zimene aliyense angachite. Ndinalemba kachigamba kanga koyeza mawu powajambula kaye pamalo obisika n'kuwerenga pamene inki yathera. Kamagwira ntchito, koma kanadya liwiro lija ndinkalitama, mpaka ndinawonjezera posungira miyeso kuti mawu omwewo asayezedwe kawiri. Posungirapo ndinaiwala kuikapo DPI, ndiye munthu akakokera windo kuchoka pa laputopu kupita pa sikirini yaikulu zonse zinkasokonekeranso. Vuto limenelo linali langa, sindingawanamizire. Komabe usiku umenewo ndinadzifunsa kuti ndinalipira chiyani kwenikweni, ngati muyeso ndikudziyezera ndekha.

Sindikunena kuti vuto lotere n'lachilendo. Amene analembapo mapulogalamu a Windows Forms, chida cha Microsoft chomangira mapulogalamu, amadziwa kuti njira zake ziwiri zoyezera mawu, MeasureString ya GDI+ ndi TextRenderer, sizipereka muyeso wofanana, ndipo lamulo lake n'loti chimene wayezera chikhale chomwecho chojambulira. Qt, chida china chomangira mapulogalamu, ili ndi QFontMetricsF yomwe imapereka muyeso wa tizigawo ta pixel, ndipo kuyambira mtundu wa 5.11 ili ndi horizontalAdvance, dzina lonena mosabisa chimene ikuyeza. FreeType, library yojambula zilembo, imawerenga mpaka gawo limodzi mwa magawo 64 a pixel, ndipo iyo pamodzi ndi HarfBuzz, yosanja zilembo m'mawu, n'zaulere. Ndiye kampani yogulitsa chida chomwe ntchito yake yonse ndi kuyeza ndi kujambula, n'kulola kuti ziwirizo zisemphane, imandivuta kuimvetsa.

Mwezi wachisanu ndi chitatu chiigulireni, ogulitsa aja ananditumizira uthenga woti akonza. Ndinasangalala ngati mwana, mpaka nditawerenga mzere wachiwiri: kukonzako kuli mu mtundu watsopano waukulu, womwe udzaperekedwe kwa okhawo amene awonjezera laisensi. Vuto ndinawapezera ndine, kapulogalamu kolisonyeza ndinawalembera ndine, ndipo kuti ndilandire mankhwala ake ndilipirenso. Tsiku limenelo ndikadalemba ndemangayi bwenzi ili ya mawu awiri okha.

Mtima utatsika ndinakhala pansi n'kuwerengera. Kuichotsa library imeneyi m'pulogalamu yanga ndi ntchito ya masabata osachepera atatu, kuphatikiza kuyesanso sikirini iliyonse pa 100%, 125%, 150% ndi 200%. Masabata atatu osagwira ntchito ya makasitomala ndi ndalama zambiri kuposa bilu ija. Ogulitsawo ndikuganiza kuti masamu amenewa amawadziwa bwino.

Mnzanga uja ndamuyankha m'mawa uno. Poti iye akuyamba kumene ndipo palibe chamumanga, ndamuuza kuti ayambe wayesa zimene toolkit yake, chida chomwe amamangira mapulogalamu, ili nazo kale, pa sikirini ya 125%, ndi mzere wautali wa manambala, asanatulutse khobidi. Ine ndawalembera ogulitsa kuti andibwereke mtundu watsopanowo kwa sabata imodzi ndisanalipire. Kapulogalamu ka mizere 30 kaja ndikadali nako. 0 akatuluka wathunthu pa laputopu ya kasitomala uja ndilipira chaka china, koma akandiuza kuti ndiyambe ndalipira kaye ndiye ndiyese, masabata atatu aja ndiwapeza. Mpaka pano sanayankhe, ndipo bilu ikuti kwatsala masiku 26.