Ubongo wa pulasitiki wa zidutswa 8: momwe watithandizira m'kalasi ndi pomwe ukuperewera

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa za ubongo pojambula pa bolodi ndi choko, ndipo ophunzira anga okonzekera mayeso a MSCE ankaloweza mayina a zigawo zake bwinobwino, koma ndikawafunsa kuti aloze pamutu pawo pamene pali chigawo chakutichakuti, ambiri ankangogwira pachipumi. Chaka chatha komiti ya makolo ndi aphunzitsi inatigulira ubongo wa pulasitiki pa sitolo ina yogulitsa zipangizo za sayansi mumzinda, ndipo popeza tsopano ndaugwiritsa ntchito kwa materemu awiri, ndikufuna kuuza aphunzitsi anzanga zimene ndaona asanaganize zotayirapo ndalama.

Ubongowu ndi wa msinkhu weniweni wa ubongo wa munthu wamkulu, ndipo umagawika pakati kukhala theka lakumanja ndi lakumanzere. Theka lililonse limaphwasukanso m'zidutswa zinayi: chapamwamba chophatikiza kutsogolo ndi pakati, chapansi chophatikiza m'mbali mwa khutu ndi kunkhongo, theka la cerebellum (kaubongo kakang'ono ka pansi pa nkhongo), ndiponso theka la tsinde lolumikiza ubongo ndi mtsempha wa m'msana. Zidutswazo zimagwirana ndi tizikhomo ndipo zonse zimakhala pa kambale koyera. Chigawo chilichonse chili ndi mtundu wake ndi nambala, ndipo pali kapepala kofotokoza manambalawo.

Ubwino wake waukulu ndinauona tsiku limene tinakamba za m'mene akatswiri anayambira kudziwa ntchito za zigawozi, chifukwa makina ojambula mkati mwa mutu asanabwere, njira yaikulu inali kuyang'anitsitsa anthu ovulala kapena odwala. Ndinafotokoza za Phineas Gage, kapitawo wa omanga njanji ku Vermont m'dziko la America, amene mu 1848 chitsulo chotalika kupitirira mita imodzi chinamulowa pansi pa tsaya lakumanzere n'kutulukira pamwamba pa mutu. Iye sanafe, anakhalabe ndi moyo mpaka 1860, koma dokotala amene anamusamalira analemba kuti khalidwe lake linasintha. Ndinapatsa mnyamata wina pensulo kuti aonetse pa chidutswa chakutsogolo njira imene chitsulocho chinadutsa, ndipo iye mwini anazindikira kuti sichinakhudze tsinde la ubongo, lomwe limayendetsa kupuma. Pa bolodi sindinathepo kuonetsa zimenezi, pakuti chojambula sichizunguliridwa.

Kenako tinafika pa Paul Broca, dokotala wa ku Paris amene mu 1861 anapima ubongo wa wodwala yemwe kwa zaka zambiri ankamva zolankhulidwa koma pafupifupi mawu okhawo amene ankatulutsa anali akuti “tan”, ndipo anapeza malo owonongeka kutsogolo kwa theka lakumanzere. Nditasonyeza kuti malowo ayandikana ndi dera loyendetsa nkhope ndi dzanja, komanso kuti theka lakumanzere limalamulira mbali yakumanja ya thupi, mtsikana wina wokhala kumbuyo anaimika dzanja n'kunena chapansipansi kuti, “Aphunzitsi, ndiye chifukwa chake agogo anga atafa ziwalo dzanja lamanja anasiyanso kulankhula?” Anabwera kutsogolo, ananyamula theka lakumanzerelo ndi manja awiri n'kuyika chala pamalopo kwa kanthawi ndithu, kalasi lonse lili zii. Kwa ine, mphindi imeneyo yokha inakwanira kulipira mtengo wa chipangizochi.

Cerebellum yapangidwa bwino ndipo imaoneka bwino m'mene yabisalira pansi pa nkhongo. Ophunzira amadabwa ndikawauza kuti mwa maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni amene ali mu ubongo, ochuluka kwambiri, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, athithikana m'kachigawo kameneka, kamene kamathandiza munthu kupalasa njinga kapena kusenza ndowa pamutu osatayikira.

Zofooka zake zing'onozing'ono ndizitchula mwachidule. Tizikhomo tiwiri tinayamba kukhwefuka mwezi usanathe, moti tsinde limagwa ukangoutembenuza, ndipo manambala ena ayamba kufufutika ndi thukuta la m'manja. Kapepala kofotokozako kali ndi mayina okhaokha a Chilatini ndi Chingerezi popanda kunena ntchito ya chigawo chilichonse, choncho wophunzira sangaugwiritse ntchito payekha popanda buku. Zigawo zamkati sizinasamalidwe kwenikweni. Hippocampus, chigawo chothandiza kukumbukira, yomwe kufunika kwake kunadziwika pamene wodwala wina dzina lake Henry Molaison anachotsedwa mbali yaikulu ya chigawochi kumanja ndi kumanzere mu 1953 pofuna kuchepetsa khunyu, n'kulephera kusunga zinthu zatsopano m'maganizo moyo wake wonse, pano yangokhala kamzere kopaka utoto komwe munthu angathe kukadumpha osakaona.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mitundu yowala ija. Imathandiza kuloweza, koma imaphunzitsanso mwakachetechete kuti ubongo uli ngati minda yokhala ndi malire, chigawo chilichonse n'kumalima ntchito yake payokha. Zoona zake n'zakuti munthu akamawerenga chiganizo chimodzi mokweza, dera loona la kunkhongo, dera lomvetsa mawu la m'mbali ndi dera loyendetsa milomo zimagwira ntchito limodzi kudzera m'mitsempha yoyera ya mkati, imene pa pulasitikiyu sioneka ngati njira ayi. Ngakhale dokotala wa ubongo Wilder Penfield, amene ku Montreal m'dziko la Canada ankakhudza ubongo wa odwala ali maso ndi magetsi ochepa n'kulemba mapu a dzanja, milomo ndi lilime, sanapeze mizere yojambulidwa pamenepo. Mphunzitsi ayenera kunena zimenezi momveka, apo ayi ophunzira adzatuluka akukhulupirira kuti m'mutu mwawo muli chigawo chofiira ndi chobiriwira.

Vuto lina ndi kulimba kwake. Ubongowu ndi wopepuka ndipo ukaugogoda ndi chala umalira ngati chikho, pamene ubongo weniweni umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4 ndipo ndi wofewa ngati peyala lakupsa. Palibenso chigaza chouzungulira, ndipo kusowa kwa zinthu ziwirizi kumabisa nkhani imene ana a kuno ayenera kuimvetsa kuposa ina iliyonse, chifukwa inapezeka kwathu konkuno. Mu 2008 makina ojambula mkati mwa thupi otchedwa MRI anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, ndipo gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University linayamba kujambula ubongo wa ana okomoka ndi malungo a mu ubongo. Zotsatira zake zinatuluka mu 2015: mwa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa ana 143 amene anapulumuka, otupa chotero anali 39 okha. Ubongo ukatupa m'chigaza chosatambasuka umasowa kolowera, umakankhikira pansi n'kupanikiza tsinde lija loyendetsa kupuma, ndipo mwana amasiya kupuma. Pulasitiki wolimba sangatupe, choncho pofotokoza zimenezi ndinachita kugula mutu wa mbuzi kumsika, tinautsegula mosamala, ndipo ophunzira anakhudza okha n'kuona kuti ubongo umadzaza chigaza popanda mpata wotsala. Titatero m'pamene ndinabwereranso ku pulasitiki n'kusonyeza tsinde limene limapanikizikalo, ndipo zinthu ziwirizi pamodzi zinafotokoza zimene chilichonse pachokha chikanalephera.

Kwa sukulu imene ikufuna kugula, ndikulangiza kuti isankhe wa zidutswa 8 osati wa zidutswa 2, chifukwa phindu lonse lagona pa kuphwasula ndi kulumikizanso, ndipo ngati thumba likulola, ifunefune wobwera ndi chigaza chake chotseguka pamwamba. Musanalipire, muutembenuze chadodolido m'sitolo momwemo kuti muone ngati zidutswa zikugwirana, ndipo mufunse ngati ali ndi wogwirana ndi maginito m'malo mwa tizikhomo. Manambala muwapake vanishi wosaoneka tsiku loyamba lomwelo. Wathu tsopano timausunga m'katoni yokhala ndi nsalu pansi, tsinde lake titalimanga ndi kalabala, ndipo teremu ikubwerayi ndakonza zoti gulu lililonse la ophunzira lilembe kapepala kake kofotokoza manambala aja m'Chichewa, ndi ntchito ya chigawo chilichonse pambali pa dzina lake.