V-Strom 650 ya 2008 kapena ya 2018: iti yokafika nayo kumudzi kuchokera ku Joni?

Kwa zaka zinayi ndakhala ndikuzungulira m'misewu ya Johannesburg pa kanjinga kamoto ka 150cc, kukasiyira anthu zakudya ndi katundu m'makomo. Kanjinga kameneka kandidyetsa, kandilipirira lendi ku Rosettenville, ndipo sindingakanyoze. Koma ikafika Disembala, nditapanikizika m'basi masiku awiri miyendo itatupa, ndinkadziuza kuti tsiku lina ndidzalowa pa Mwanza ndili pa njinga yangayanga. Ndalama zitayamba kuoneka, ndinatsala ndi njinga ziwiri zoti ndisankhepo, zonse Suzuki V-Strom 650: ina ya 2008, ina ya 2018. Mtengo wa yatsopanoyo unali pafupifupi kuwirikiza kawiri wa yakaleyo. Abale anga amene muli ndi maganizo ngati angawa, nazi zomwe ndinaona nditazikwera zonse ziwiri.

Mtima wa njingazi ndi umodzi. Kuyambira pomwe V-Strom 650 inatuluka mu 2004, injini yake ndi ya 645cc, ya masilinda awiri oima ngati chilembo V, yomwe anaitenga ku njinga ina ya Suzuki yotchedwa SV650. Magiya ndi 6, imayendera tcheni, tayala lakutsogolo ndi la mainchi 19, lakumbuyo 17. Zonse zilibe kabuleta, mafuta amapoperedwa ndi kompyuta. Zimenezi kwa ife n'zofunika, chifukwa Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Tete ali pansi m'chigwa chotentha cha Zambezi. Njingayi imadzikonzera yokha kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya, iwe n'kumangoyendetsa. Mphamvu ya yatsopano ndi yochulukirapo pang'ono, koma pa msewu waukulu wa N1 sindinamve kusiyana koti n'kulipirira ndalama zochuluka chotero.

Yakale inandigwira mtima pa thanki. Za 2004 mpaka 2011 zimalowa malita 22. Kuyambira 2012 anaichepetsa kufika pa malita 20. Munthu wa m'tauni anganene kuti malita awiri n'chiyani. Koma taganizirani njira yathu: Polokwane, Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenako Mwanza, makilomita oposa 1,600 kuti ukafike ku Blantyre. Mbali ya kuno mafuta ali paliponse. Vuto limayamba ukawoloka Limpopo, pomwe uyenera kuganiza za ndalama ya dziko lililonse, ndiponso ukalowa kwathu n'kupeza mizere ya petulo ngati yomwe abale athu akhala akugonapo zaka zapitazi. Pamenepo malita awiri ndi makilomita ena makumi anayi, ndipo angakupulumutse kugula mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu. Yatsopano imamwa mochepekerako, n'zoona, kotero kusiyanako kumachepa. Komabe thanki yaikulu imakhazika mtima pansi.

Mpando nawo unandikokera kwa yakale. Wake uli pa mamilimita 820 kuchokera pansi, wa yatsopano pa 835. Ine si wamtali. Pa ya 2008 ndinkaponda pansi ndi miyendo yonse iwiri bwinobwino. Pa ya 2018 ndinkafika ndi zala. Njinga yolemera makilogalamu oposa 200, utasenza mabokosi awiri, chikwama cha mphatso za ana, mayi a kunyumba ali kumbuyo, ndiye uime pa mchenga wa kumudzi ndi zala zokha? Ndinaziganizira kwambiri. Nyali za yakale nazonso ndi ziwiri zoyandikana, zimayaka zonse pamodzi ndipo zimaunika ndithu, pomwe kuyambira 2017 anaziika ina pamwamba pa inzake. Ngakhale zili choncho, usiku sindiyenda pa msewu wa Masvingo, chifukwa abulu ndi ng'ombe saona kuti nyali yako ndi ya chaka chiti.

Mpaka apa ndinali nditatsala pang'ono kupereka ndalama kwa mwini wa 2008 uja. Chinandiimitsa ndi mabuleki.

Njinga yakeyo inalibe ABS, chipangizo choletsa matayala kugwira n'kutsetsereka ukafinya buleki mwamphamvu. Suzuki inayamba kuika ABS pa V-Strom 650 mu 2007, koma osati pa zonse, choncho musangokhulupirira chaka. Gwadani muone pakati pa tayala lakutsogolo: ngati ili ndi ABS, pamakhala kachitsulo kozungulira kokhala ndi timipata tambirimbiri, ndipo mukatembenuza kiyi kanyali ka ABS kamayaka n'kuzima njinga ikayamba kuyenda. Chifukwa chomwe ndimalimbikira pa nkhaniyi n'chakuti ndinagwapo. Linali dzinja, mvula ya masana ija ya kuno yobwera ndi mabingu, maloboti atazima chifukwa cha magetsi. Minibasi yomwe inali kutsogolo kwanga pa msewu wa Louis Botha inangoima mwadzidzidzi kutola munthu. Ndinafinya buleki, tayala lakutsogolo linagwira, ndinapezeka ndili pansi. Bondo linanditengera milungu itatu osagwira ntchito, ndipo milungu itatu imeneyo kumudzi sikunapite kalikonse. Kameneko kanali kanjinga kopepuka. Njinga ya makilogalamu 200 ikakugwera mwendo, nkhani yake ndi ina.

Ndiye ndinadzifunsa moona mtima: pa miyezi 12, njingayi idzakhala miyezi ingati pa njira ya kumudzi? Umodzi basi. Ina yonse idzakhala pa misewu ya Joni ya M1 ndi N3, pakati pa galimoto, pa phula lonyowa, pa mizere yopentedwa yoterera ngati therere. Ya 2018 ili ndi ABS, komanso ili ndi traction control yomwe inabwera mu 2017, yochepetsa mphamvu tayala lakumbuyo likayamba kupalasa. Iyi mutha kuisintha kapena kuizimitsa ndi batani. ABS yokha ilibe batani lozimitsira, ndipo pa msewu wafumbi wa miyala imatalikitsa poimira. Chimenecho ndi chilema chake ndipo sindikubisa. Koma makilomita afumbi opita kwathu ndi ochepa, ndipo ndingayende pang'onopang'ono. Minibasi za Joni sindingaziuze zochita.

Zina zing'onozing'ono za yatsopano: imaonetsa giya yomwe uli, ili ndi pochajira foni, imalira ukangodina batani kamodzi, ndipo imadzikwezera yokha moto pang'ono ukamanyamuka kuti isazime. Ekizozi anaitsitsa m'munsi, choncho mabokosi amakhala pafupi ndi njinga. Pa yakale ekizozi ili m'mwamba kumanja ndipo bokosi limatuluka kunja. Ya 2018 yomwe ndinaona inali ya mtundu wa XT, ya masipoko koma matayala opanda chubu. Ukaponda msomali umatseka bowolo ndi kachingwe komatira tayala lili pomwepo. Yakale nayonso ilibe chubu, kungoti marimu ake ndi oumba, ndipo dzenje lalikulu la pa phula likhoza kuwapinda kapena kuwang'amba.

Ndinatenga makaniko wina wachikulire wa kwathu ku Mangochi, yemwe wakhala kuno zaka zambiri, kuti akaione ya 2008. Iye sanayambe n'kuyang'ana makilomita. Anagwira injini kuona ngati mwini wake anaitenthetsa tisanafike, anakoka tcheni, anayang'ana mano a masipuroketi, anafinya mapaipi a madzi, n'kufunsa kuti mavavu anawaona liti. Buku la njingazi limati aziwayeza pa makilomita 24,000 alionse, ndipo mwini wakeyo analibe pepala lililonse. Potuluka anandiuza kuti, "Achimwene, injini iyi ingakukwirireni inuyo. Koma labala, mawaya, pampu ya mafuta ndi sipuling'i ya kumbuyo zakalamba, ndipo zimenezi sizifera pakhomo, zimafera ku Tete." Anandifotokozeranso kuti sefa ya m'pampu ya mafuta pa zakalezi imatsekeka ndi zinyalala, njinga n'kumafooka ukaikoka kwambiri. Titawerengera matayala awiri, tcheni ndi masipuroketi, batire, mavavu ndi sipuling'i, kutchipa kuja kunachepa ndithu.

Pali ina yapakati yomwe anthu amaidumpha, ya 2012 mpaka 2016. Thanki ndi ya malita 20, nyali ndi ziwiri zija, giya imaonetsa, ndipo zambiri zili ndi ABS ngakhale zilibe traction control. Ndikanaipeza yosamalidwa bwino nthawi imeneyo, mwina ndi yomwe ndikanatenga, chifukwa chomwe ndinkafuna kwenikweni ndi mabuleki. Amene thumba lanu lafika pa yakale yokha, funani ya 2007 mpaka 2011 yokhala ndi ABS, ndipo musasiye ndalama zonse kwa wogulitsa, musunge za matayala ndi helemeti yabwino.

Mapepala musawapeputse, kaya njinga ndi ya chaka chiti. Nambala ya pa chasisi ndi ya pa injini zifanane ndi za pa satifiketi, ndipo dzina la pa satifiketi likhale la amene akukugulitsaniyo. Pamafunika roadworthy, pepala losonyeza kuti njinga ili bwino kuyenda pamsewu, kuti isinthidwe dzina, ndipo muilembetse pasanathe masiku 21. Ife opanda chiphaso cha kuno timafunika kukhala ndi Traffic Register Number, nambala yomwe ofesi yolembetsera galimoto imapereka kwa alendo. Laisensi ikhale ya code A, ya njinga zazikulu, chifukwa A1 imathera pa 125cc. Ngati njinga ikadali ndi ngongole ku banki, pa Beitbridge adzafuna kalata ya bankiyo. Zotsatsa za pa Facebook zotchipa modabwitsa, zoti "mapepala anasowa", ndinazisiya zonse.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu. Ndinadikira miyezi ina isanu, ndikugwira ntchito mpaka Lamulungu, n'kutenga ya 2018 ija mwini wake atatsitsako pang'ono. Mpando ndinapita nawo kwa wosoka mipando ya galimoto, anachepetsa siponji, tsopano ndimaponda bwino. Chinthu choyamba kugula chinali chitsulo chotchinga pansi pa injini, chifukwa pa V-Strom iliyonse sefa ya oyilo ili poyera kuseri kwa tayala lakutsogolo, pomwe mwala umafikira. Chachiwiri chinali kachigubu kachitsulo ka malita asanu, komwe ndidzadzaze ku Tete ndisanakwere mapiri a ku Zobue.