Kumeta kapena kusameta pokawokeretsa tsitsi padazi

Tsiku la opaleshoni yowokera tsitsi likamayandikira, anthu ambiri sada nkhawa ndi ululu ayi. Chimawasowetsa tulo ndi makina ometera. Munthu wakhala zaka akusamala titsitsi totsalato, kutipesera kutsogolo kuti tibise dazi, ndiye lero amuuze kuti tichoke tonse? Mtima umakana ndithu.

Tiyambe ndi kumeta mutu wonse. Pa njira ya FUE, imene madokotala William Rassman ndi Robert Bernstein anaifotokoza mu 2002, dokotala amazula mizu umodziumodzi kunkhongo ndi kachitsulo koboola kotakata pafupifupi milimita imodzi, n'kukaiwokera padazi. Muzu uliwonse umatuluka ndi tsitsi limodzi mpaka anayi. Kuti kachitsuloko kasadule muzu, iye ayenera kuona kumene tsitsi lapendekera, ndipo zimenezi zimaoneka bwino tsitsi likafupikitsidwa kufika pa milimita imodzi kapena ziwiri. Muzu wodulidwa ndi muzu wotayika, ndipo pamene wazulidwapo sipameranso wina. Kwa ife a tsitsi lopotana nkhaniyi ndi yaikulu zedi, chifukwa muzu wathu umapindika ngati mbedza pansi pa khungu. Pamutu pometedwa ntchito imathamanga, mizu siikhalitsa kunja kwa thupi, ndipo mizu 3,000 ingathe kuwokeredwa ulendo umodzi. Kutsuka nakonso sikuvuta: nkhanambo zimafewa n'kuyoyoka pakatha masiku 10 mpaka 14 popanda kumatirira kutsitsi. Mtengo wake ndi manyazi a milungu ingapo, poti mutu umaoneka wa timadontho tofiira.

Kusameta konse ndi njira yokoma m'maso. Mumatuluka m'chipatala tsitsi lanu lili chilili, ndipo ngati mizu yazulidwa ndi tsitsi lake lalitali, mumaoneratu tsiku lomwelo mmene chipumi chidzakhalire. Koma dokotala amagwira ntchito ngati wopalira m'tchire, kupatula tsitsi apa ndi apo, motero maola amachuluka, mizu yowokeredwa imachepa, ndalama n'kukwera. Si madokotala onse amene ali ndi dzanja la ntchito yotere. Ndipo chimene otsatsa malonda sakonda kutchula ndi ichi: tsitsi lowokeredwalo limathothoka pakati pa milungu 2 ndi 8, kaya munameta kaya simunamete. Latsopano limayamba kutuluka pa miyezi 3 kapena 4, ndipo zotsatira zenizeni zimaoneka patatha chaka. Kukongola kwa tsiku loyambalo n'kobwereka chabe.

Pakatikati pali kumeta kachigawo kakang'ono kunkhongo, kamene tsitsi lapamwamba limagwa n'kukaphimba. Amayi ambiri amasankha zimenezi, ndipo zimagwira ngati tsitsi lanu ndi lalitali mokwanira. Pamalo powokerapo, ena amagwiritsa ntchito kachipangizo konga cholembera kotchedwa Choi, kamene kamalowetsa muzu pakati pa tsitsi lakale osalimeta. Njira yakale ya FUT nayo siifuna kumeta mutu wonse, chifukwa amangodula kalamba ka khungu kunkhongo n'kusoka, koma imasiya chipsera chachitali. Ngati khungu lanu limachita zipsera zotupa, muuzeni dokotala msanga, musanakambe n'komwe za kumeta.

Ine ndimati muyezo ukhale kukula kwa dazi. Ngati mukungokonza m'makona mwa chipumi ndi mizu mazana angapo, ndipo ntchito yanu ndi yoonekera pagulu, kusameta kapena kumeta kachigawo n'koyenera ndalama zake. Koma dazi likakhala lochoka pachipumi mpaka paliwombo, metani basi. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho kunkhongo kumabisika pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndipo chipewa chomasuka chimaloledwa pakangopita masiku ochepa, dokotala akavomereza.

Chinthu chimodzi chokha musachite: kudzimeta nokha kunyumba dzulo lake, makamaka mpala wa lezala. Dokotala amafuna kuona tsitsi lili lalitali kuti adziwe pamene lapyapyala ndi kulemba mzere wa chipumi asanagwire makina. Lezala amachotsanso tizitsa timene timamulondolera kumene muzu walowera, ndipo mabala ake angachititse kuti tsiku la opaleshoni lisunthidwe.