CyBase, nkhokwe ya ma peptide a mphete: pomwe imathandiza ndi pomwe imasocheretsa

CyBase ndi nkhokwe yaulere ya pa intaneti imene gulu la David Craik ku University of Queensland, ku Australia, linakhazikitsa mu 2006 n'kuikuza mu 2008. Imasunga ma peptide (mapuloteni aafupi opangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid) amene mutu ndi mchira wake zinalumikizana kukhala mphete, ndipo ochuluka mwa iwo ndi ma cyclotide, mtundu wa ma peptide a mphete wopezeka m'zomera.

Poyambira pabwino ndi tsamba la mu CyBase la peptide yotchedwa kalata B1. Peptide imeneyi ndi ya m'chitsamba cha Oldenlandia affinis, chimene dokotala wa ku Norway, Lorents Gran, anaona amayi a ku Congo akuwiritsa n'kumwa kuti matenda a pobereka afulumire. Ili ndi ma amino acid 29. Mwa iwo 6 ndi cysteine, omwe amagwirana awiriawiri kupanga zomangira zitatu zoluka mfundo. Mfundoyi pamodzi ndi mphete ija ndi zimene zimaichititsa kupirira madzi owira ndi ma enzyme a m'mimba. Tsambalo limapereka mndandanda wa ma amino acid, kulemera kwake, chomera chake ndi kafukufuku amene anasindikizidwa, zonse pamalo amodzi. Apa nkhokweyi ndi yoyenera kuiyamikira kwambiri.

Kwa wofufuza amene wasefa madzi a masamba n'kupeza chinthu cholemera pakati pa 2,800 ndi 3,700 Da (dalton, muyeso wa kulemera kwa mamolekyulu) pa makina oyezera kulemera otchedwa MALDI, ntchito imayenda motere. Masulani zomangira zija ndi mankhwala otchedwa DTT, kenako tsekani ma cysteine ndi ena otchedwa iodoacetamide. Ngati kulemera kwakwera ndi 348 Da, ndiye kuti ma cysteine alipo 6, aliyense wawonjezera 58. Dulani ndi enzyme ya Glu-C: glutamic acid akakhala mmodzi yekha, mphete imangotseguka ndipo kulemera kumakwera ndi 18 Da, komwe ndi kulemera kwa madzi. Pokhapo m'pamene mungapite ku CyBase kukayerekeza.

Ambiri amapunthwa pomwepa. Kulemera kwa avereji kwa kalata B1 ndi pafupifupi 2,892 Da, koma kwa monoisotopic (kowerengera mtundu umodzi wokha wa atomu iliyonse, wopezeka kwambiri) n'kotsika ndi pafupifupi 2 Da, choncho mukasakaniza ziwirizi mumatchula peptide yolakwika. Asparagine akasanduka aspartic acid kulemera kumakwera ndi 1 Da, tryptophan akagwidwa ndi oxygen kumakwera ndi 16, pomwe leucine ndi isoleucine amalemera chimodzimodzi. Kufanana kwa nambala si umboni, pamafunikabe MS/MS, njira yophwanya peptide n'kuyeza zidutswa zake kuti mudziwe mndandanda wa ma amino acid.

Kwa opanga mankhwala, gawo lokoma ndi la ma peptide omezanitsa, pomwe kachidutswa kogwira matenda kamalowetsedwa m'mphete yolimba monga MCoTI-II ya ma amino acid 34 kapena SFTI-1 ya m'nthanga za mpendadzuwa, ya 14 okha. Mumaona msanga kuti loop 6 ya MCoTI-II (loop ndi chigawo cha mphete chapakati pa ma cysteine awiri) imalandira mlendo mosavuta, pomwe loop 1 ndi loop 4 ndi mbali ya mfundo. Mulinso chida cholosera kutalika kwa kachingwe kolumikizira mutu ndi mchira wa puloteni.

Chodandaulitsa n'chakuti nkhokwe yotere imadalira zimene zinasindikizidwa, ndipo kumezanitsa kumene kunakanika sikulembedwa kawirikawiri. Munthu angaganize kuti peptide iliyonse ipindika bwino. Ayi ndithu. Kalata B1 imapindika mu 0.1 M ammonium bicarbonate wosakaniza theka ndi theka ndi isopropanol, muli glutathione pang'ono, koma cycloviolacin O2 ndi ma cyclotide anzake a gulu lotchedwa bracelet amavuta kwambiri m'madzi omwewo. Nambala za mphamvu ya peptide nazonso zimachokera m'malabotale osiyanasiyana, oyesa pa maselo osiyana, ndiye musaziike pamzere umodzi musanawerenge pepala lililonse. Ndipo musanasankhe kalata B1 ngati maziko a mankhwala, onani kaye zotsatira za hemolysis, chifukwa peptide imeneyi imaboola maselo ofiira a magazi mlingo ukakwera.