Seinfeld ndi Friends: Iti Yoseketsa Kwambiri?

Masewero awiriwa ankaonetsedwa pa kanema wa NBC ku America. Onse amakamba za abwenzi okhala mu New York, ngakhale ankajambulidwa ku California. Kufanana kwawo kwathera pomwepo.

Friends, yomwe anayambitsa David Crane ndi Marta Kauffman, inayenda kuyambira 1994 mpaka 2004, magawo 236. Ndi sewero la chikondi: abwenzi asanu ndi mmodzi amakangana, amakhululukirana, kenako amakakhala pa mpando wawo ku malo omwera khofi otchedwa Central Perk, woonera akudikira kuti Ross ndi Rachel adzamvana liti.

Seinfeld ndi ina. Larry David ndi Jerry Seinfeld anaiyamba mu 1989, inatha mu 1998 itafika magawo 180. Muno palibe amene amaphunzirapo kanthu pa zolakwa zake. George Costanza, mnzake wa Jerry m'seweroli, ndi wabodza, waulesi, wodzikonda, ndipo sasintha mpaka kumapeto. Pali gawo lina lomwe Jerry, George ndi Elaine amangodikira tebulo mu lesitilanti ya Chitchaina, osadya n'komwe, koma umaseka mpaka nthiti kuwawa. Pomaliza penipeni, atatuwa pamodzi ndi mnzawo Kramer anatsekeredwa m'ndende chifukwa anangoima n'kumaseka munthu akulandidwa galimoto. Anthu pafupifupi 76 miliyoni anaonera gawo limenelo, ambiri n'kukhumudwa nalo.

Kwa ine Seinfeld ndiyo yolembedwa mwaluso, chifukwa nkhani zingapo zosiyana zimakakumana pamapeto a gawo mosayembekezereka. Koma wobwera kuntchito ali wotopa, wofunanso Chingerezi chosavuta kumva, Friends imuchitira bwino.