Ulendo woona mbiri pa mpingo wina wa NG Kerk: pitani, koma mukafunse za nyumba zija

Mpingo wina wa NG Kerk (Dutch Reformed Church, mpingo waukulu wa azungu olankhula Chiafirikanzi), m'tauni yaing'ono ya kudera la Boland ku Western Cape m'dziko la South Africa, umayendetsa alendo Loweruka m'mawa kuwaonetsa mbiri yake. Cholinga chake si kugometsa anthu ndi nsanja yoyera kapena limba lakale, ngakhale zonsezi zilipo ndipo n'zokongola. Amakuonetsani zimene mpingowo unachita, makamaka zimene sunachite, pamene anansi ake ankathamangitsidwa m'tauni chifukwa cha khungu lawo. Ine ndinapitako, ndipo ndikuti amene mungathe mupite. Ndili ndi dandaulo limodzi lalikulu, ndilifika.

Mumayamba mwaimbira foni ku ofesi ya mpingo kuti akulembeni dzina, chifukwa satenga chigulu. Palibe mtengo woikika. Pakhomo pali bokosi, mumaponyamo marandi amene mtima wanu wafuna. Amafotokoza m'Chingerezi, koma mabuku ndi zikalata zambiri zili m'Chiafirikanzi.

Wotiyendetsa anali mkulu wa mpingo, bambo achikulire amene anapuma ntchito ya uphunzitsi. Anabatizidwira m'tchalitchi momwemo, ndipo bambo awo anakhalanso mkulu wa mpingo pomwepo. Zimenezi anatiuza poyambirira penipeni, ndipo zinasintha mmene ndinkamvera chilichonse chimene ananena pambuyo pake. Munthu amene akuwerenga mlandu wa makolo a anzake amalankhula mosiyana ndi amene akuwerenga wa bambo ake omubala.

Anatikhazika pa mabenchi a kutsogolo nayamba ndi chaka cha 1857, kale kwambiri boma la apartheid, lolekanitsa anthu potengera khungu, lisanabadwe. Chaka chimenecho sinodi ya mpingowu ku Cape inavomereza kuti Malemba amafuna kuti okhulupirira onse azipembedza pamodzi, komabe inalola kuti, chifukwa cha kufooka kwa ena, akhristu osakhala azungu azisonkhana m'nyumba ina. Ofookawo anali azungu amene sankafuna kudya Mgonero wa Ambuye pa gome limodzi ndi antchito awo. Chimene chinayamba ngati chilolezo chinasanduka lamulo la moyo, moti mu 1881 ku Wellington kunakhazikitsidwa mpingo wapadera wa makaladi. Abambowa sanathamange pa mfundoyi. Anati tiione bwino: sinodi inkadziwa chimene Baibulo likunena, inalemba m'buku kuti ikudziwa, kenako inasankha kusakhumudwitsa mamembala ake olemera. Ine ndakhala m'misonkhano ya mpingo nthawi yaitali, ndipo chigamulo chotere ndimachidziwa nkhope yake. Chimabwera ndi mawu ofatsa onena za mtendere.

Chimene ndinawalemekezera kwambiri n'chakuti sananene kuti boma ndi limene linakakamiza mpingo. Anatikumbutsa kuti D.F. Malan, amene anakhala nduna yaikulu chipani cha National Party chitapambana mu 1948, anali mbusa wa NG Kerk asanalowe ndale, komanso kuti mpingowu unali pakati pa amene ankapempha lamulo loletsa maukwati a anthu osiyana mitundu, limene linadutsa mu 1949. Chaka chotsatira kunabwera Group Areas Act, lamulo logawa malo okhala potengera mtundu, ndipo ndi limeneli linadzafika pa tauni yawoyi m'zaka za m'ma 1960.

Kenako tinalowa mu vesitile, ndipo apa ndi pamene pali mtima wa ulendo wonse. Pa tebulo lalitali ayalapo mabuku a maminitsi a bwalo la akulu a mpingo. Atsegula masamba a miyezi imene mabanja ankasamutsidwa m'misewu itatu yoyandikana ndi tchalitchi. Abambowa anawerenga mokweza, mzere ndi mzere, akumasulira. Nkhani yokonza denga. Nkhani ya malipiro a woimba limba. Mlandu wa mnyamata wina ndi mtsikana amene anachimwa asanakwatirane, umene unatenga tsamba lathunthu. Zokonzekera malonda osonkhetsa ndalama za mpingo. Anatembenuza tsamba, naŵerenga mwezi wotsatira, kenako wina. Anthu amene katundu wawo ankakwezedwa m'malole kuseri kwa mpanda wa tchalitchi sanatchulidwe paliponse, ngakhale pemphero lowapempherera mulibe.

Ndinkayembekezera kuti ndidzaona mawu achipongwe, ulaliki wotukwana anthu akuda, chinthu choti ndiloze chala n'kunena kuti oipa ake ndi awa. M'malo mwake ndinaona zolemba zaudongo za anthu osamala, odziwa kusunga ndalama ya mpingo mpaka senti yomaliza, amene ankatsegula ndi kutseka msonkhano uliwonse ndi pemphero. Ena mwa osamutsidwawo ankawaphikira, kuwalerera ana ndi kuwadulira mphesa m'minda. Ankawadziwa mayina. Pa tsamba lina abambowa analoza siginecha ya bambo awo, naima kaye pang'ono osalankhula, kenako anapitiriza kuwerenga. Sanalire, sanatipemphe kuti tiwamvere chisoni, ndipo ndinaona kuti anachita bwino kutero, chifukwa chisoni cha m'chipindamo sichinali choyenera kupita kwa iwo.

Mlendo wina anafunsa ngati mwina anthuwo sankadziwa kuti zimenezi n'zolakwika, poti inali nthawi ina. Yankho lawo linali la mbiri, ndipo linali lokwanira. Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 March 1960, bungwe la mipingo padziko lonse la World Council of Churches linaitanitsa msonkhano ku Cottesloe, mu Johannesburg, mu December chaka chomwecho. Nthumwi za NG Kerk zinagwirizana ndi mfundo yakuti palibe wokhulupirira woyenera kutsekeredwa kunja kwa tchalitchi chifukwa cha khungu lake. Nduna yaikulu Hendrik Verwoerd anakwiya nazo, masinodi anazikana mu 1961, ndipo mpingo unatuluka m'bungwelo. Mbusa Beyers Naudé, yemwe anali mmodzi mwa atsogoleri olemekezeka a mpingowu, anakana kubwerera m'mbuyo. Mu 1963 anataya ubusa wake, ndipo mu 1977 boma linamutsekera pakamwa ndi lamulo lomuletsa kuyenda ndi kulankhula pagulu. Choncho mawu oona analankhulidwa, m'chilankhulo chawo, ndi mwana wawo yemwe. Anamumva, namutaya.

Titatuluka mu vesitile tinayenda wapansi kupita ku misewu ija. Apa tinakumana ndi mayi wina wa mpingo wa URCSA (Uniting Reformed Church in Southern Africa), womwe unapangidwa mu 1994 pamene mpingo wa makaladi uja unaphatikizana ndi gawo lalikulu la mpingo wa anthu akuda. Mayiwa anabadwira m'nyumba imodzi ya mumsewu woyamba. Anatiimika pageti lake. Masiku ano ndi nyumba yogona alendo, yopakidwa bwino, ya maluwa pakhonde. Anatisonyeza pamene panali mtengo wa mapeyala wa agogo awo, njira imene ankadzera popita kusukulu ya mishoni, ndi nyumba imene inali tchalitchi chawo, yomwe tsopano anthu amaichita lendi pa zisangalalo. Anafotokoza kuti mayi awo anapitiriza kugwira ntchito m'khitchini ya banja lina la mumpingo wa azungu uja kwa zaka zambiri atasamutsidwa, koma tsopano akuyenda mtunda wautali m'bandakucha kuchokera kumalo atsopano kuseri kwa njanji, ndipo abwana awo sanafunsepo ngakhale kamodzi kuti kumeneko akukhala bwanji.

Dandaulo langa layambira apa. Mayiwa anapatsidwa kanthawi kochepa kwambiri. Tinali titatha nthawi yaitali m'tchalitchi ndi mu vesitile, dzuwa linali litakwera, anthu atatopa, ndipo pulogalamu inali kutikokera ku holo ya mpingo. Iwo anali akadali ndi zambiri. Ankafuna kutifikitsa kumanda akale kumene kuli makolo awo, koma nthawi inakana. Pa ulendo wonena za mpingo umene sunamvere anansi ake, mnansi amene wabwera kudzalankhula sayenera kuyang'anitsidwa wotchi. Sindikukhulupirira kuti okonza anachita dala. Anaika nkhani yawo patsogolo chifukwa ndi imene amaidziwa, ndipo chizolowezi chimenechi ndi chomwe chinalemba maminitsi aja.

Mu holo muli zikwangwani zikuluzikulu zofotokoza njira ya kulapa. Zolembedwazo n'zoona ndipo zakonzedwa bwino. Mu 1982 ku Ottawa, bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse linanena kuti kuikira kumbuyo apartheid ndi chiphunzitso chonyenga, ndipo linaimitsa umembala wa NG Kerk. Chaka chomwecho mpingo wa makaladi unalemba Chivomerezo cha Belhar, chonena za umodzi, chiyanjano ndi chilungamo, nuchilandira mu 1986. Mu 1986 momwemo sinodi yaikulu ya NG Kerk inatsegula zitseko kwa anthu a mitundu yonse, ndipo amene sanakondwe anachoka n'kuyambitsa mpingo wawo wa Afrikaanse Protestantse Kerk mu 1987. Pali chithunzi cha Johan Heyns, mtsogoleri wa sinodi pa nthawi ya kusinthako, amene anawomberedwa m'nyumba mwake ku Pretoria mu November 1994. Pali nkhani ya ku Rustenburg mu November 1990, pamene Pulofesa Willie Jonker anaulula tchimo lake ndi la mpingo wake pamaso pa atsogoleri a mipingo yambiri, ndipo Akibishopu Desmond Tutu anaimirira n'kulandira kulapako. Palinso za November 1997 ku East London, pamene mipingo inakaonekera ku Truth and Reconciliation Commission, bungwe limene linkafufuza nkhanza za nthawi ya apartheid, kuphatikizapo mipingo yolankhula Chingerezi imene inavomereza kuti inkadzudzula tsankho m'zikalata koma n'kumakhala nalo mwamtendere m'matchalitchi mwake.

Vuto la chipindachi n'lakuti chimakupumitsa msanga. Ukachoka ku mabuku aja mtima uli wolemera, zikwangwanizi zimakuuza kuti nkhani inatha bwino. Pa makoma sindinaone paliponse pamene alemba kuti zoyesa zoika Chivomerezo cha Belhar pakati pa zivomerezo za mpingo wonse wa NG Kerk zinalephera kupeza mavoti okwanira mu 2015, kapena kuti NG Kerk ndi URCSA akadali mipingo iwiri. Nditafunsa, abambo aja anavomera zonsezi mosabisa. Koma mlendo wosadziwa kufunsa atuluka akuganiza kuti bala linapola, pamene angolimanga nsalu yoyera pamwamba.

Funso langa lachiwiri linali la nyumba. Mabanja atachotsedwa, nyumba ndi mapuloti awo anagula ndani, ndipo pa mtengo wanji? Ananena kuti ambiri mwa ogula anali anthu a mumpingo momwemo, ndipo zina mwa nyumbazo zikadali m'manja mwa ana awo. Anati bwalo la akulu a mpingo likukambiranabe za holo imene inali tchalitchi cha mishoni. Dziko la South Africa lili ndi lamulo la 1994 lobwezera malo kwa amene analandidwa kuyambira mu 1913, koma limeneli ndi la boma ndi makhoti. Mpingo suyenera kudikira khoti kuti uchite chimene Zakeyu anachita atangotsika mumtengo. Ndikanakonda mapu a misewu itatu ija atapachikidwa mu holomo, osonyeza banja limene linkakhala pa puloti iliyonse, ngati mabanjawo angalole. Mpingo umene unalimba mtima kutsegula maminitsi ake ungathenso kutsegula nkhani ya malo.

Amene munafikako ku District Six Museum ku Cape Town muona kusiyana. Nyumba imeneyo inali tchalitchi cha Methodist mumsewu wa Buitenkant, ndipo imasunga mbiri ya dera limene boma linalengeza pa 11 February 1966 kuti ndi la azungu okha, n'kuchotsamo anthu oposa 60,000. Kumeneko nkhani ili m'manja mwa ochotsedwawo, ndipo mayina a misewu ndi a mabanja ali pansi pomwe mukupondapo. Ulendo wa ku Boland uwu ukupereka mbali imene kumeneko simungaipeze, ya anthu amene anatsala m'nyumba zawo n'kumapita ku tchalitchi Lamlungu lililonse. Ndi mbali yosowa, chifukwa mipingo yochepa ndi imene ingalole mlendo kugwira mabuku ake otere. N'chifukwa chake ndikuuyamikira ngakhale uli ndi zoperewera.

Zina zing'onozing'ono: njira ya pansi ndi yotalikirapo ndipo mthunzi ndi wochepa, choncho achikulire anyamule madzi ndi chipewa. Masamba a maminitsi alibe kumasulira kolembedwa pambali, ndiye ngati mwakhala kumbuyo simumva zonse. Achinyamata a kusekondale akhoza kupindula kwambiri, koma ana aang'ono atopa.

Poimba foni, pemphani kuti tsiku lanu mayi a ku URCSA aja kapena mnzawo adzakhalepo, chifukwa si Loweruka lililonse amabwera. Pemphaninso kuti mudzayambire ku misewu ndi kumanda, vesitile ibwere pambuyo. Ine ndinalemba pempho lomweli m'buku la alendo, pamodzi ndi la mapu, ndipo abambo aja anati akalipereka ku msonkhano wotsatira wa akulu a mpingo.