Galimoto ikakana kulira m'chisanu cha ku Leeds

Ambiri a ife amene tinabwera ku Britain mu 2022, boma la kuno litatsegula mwayi wa ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, tinagula galimoto tisanagule n'komwe jekete yabwino. Sikunali kudzionetsera ayi. Ntchito yoyendera okalamba m'makomo mwawo ndi ya galimoto: 7 koloko uli kwa agogo awa, ola lisanathe uli kwa ena, ndipo basi sungaidalire. Ndiye umagula kagalimoto kakale kamene mwini wake watopa nako. Nyengo yotentha kamayenda bwinobwino, mavuto amayamba December akafika.

December wa chaka chimenecho sanali wamasewera. Ku Braemar, ku Scotland, kunazizira mpaka madigiri -17, ndipo kuno ku Leeds magalimoto ankacha atayera mbuu ndi chisanu. Pagulu lathu la WhatsApp uthenga wa m'mawa unali umodzi: "Yakana kulira, ndani ali pafupi ali ndi mawaya?"

Aliyense wobwera kumene ndimamuuza kuti usanaimbire makaniko, yamba wamvetsera mmene galimoto ikukanira. Amakaniko a kuno sadziwa za "tionana pakutha pa mwezi", amalipiritsa pa ola. Ukapotoza kiyi n'kungomva ke-ke-ke, magetsi a pa dashibodi n'kumathimathima, ameneyo ndi batire. Injini ikamazungulira mwaulesi, nthawi zambiri ndi batire yemweyo, kuonjezera oyilo amene walimba ndi kuzizira. Ikangoti "ke" kamodzi magetsi ali owala bwino, ona mitu ya batire ngati yakhwepa kapena yachita tizinthu toyera, apo ayi ndi sitata. Koma ikamazungulira mwamphamvu osagwira moto, usataye ndalama kugula batire, vuto lili kwina.

Chisanu sichipha batire wabwino, chimangoulula amene anatha kale. Kukazizira, mankhwala a m'batire amagwira ntchito pang'onopang'ono, pamene injini yozizira ikufuna mphamvu zambiri kuposa masiku onse. Ife a ntchito ya m'makomo ndiye timamumalizitsa. Maulendo athu ndi a mphindi zochepa, kuzimitsa, kuliza, kuzimitsanso, hita ili pamwamba, ma wiper akugwira, magetsi ali oyaka chifukwa 4 koloko madzulo kuno kumakhala kutada kale. Alternator, imene imatchaja batire injini ikamalira, sipeza mpata wobwezera zimene sitata yatenga. Ine ndinagula ka multimeter kotchipa, kachipangizo koyezera mphamvu ya batire, ndimakasunga limodzi ndi mapepala a galimoto. Batire wodzaza, galimoto itagona usiku, amaonetsa mavoti 12.6. Akatsika kufika cha m'ma 12.0, dziwa kuti mawa uyenda wapansi. Injini ikulira, nambala izikhala cha m'ma 14. Ikakhala pansi pa 13, alternator sikutchaja, ndipo ngakhale batire watsopano atha posachedwa. Pogula wina, yang'ana nambala ya CCA, imene imasonyeza mphamvu zake pa -18, ndipo isachepere imene buku la galimoto likunena. Magalimoto ozima okha pa maloboti amafuna batire wa AGM kapena EFB, wamba sakhalitsamo.

Yanga ndi ya dizilo, ndipo za dizilo zili ndi khalidwe lakelake. Zilibe ma spark plug, dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, choncho m'mawa wozizira zimadalira ma heater plug, amene amatenthetsa m'kati mwa injini isanalire. Pa dashibodi pamayaka kanyali kooneka ngati waya wopotana. Dikira kazime kaye, kenako liza. Kukazizira kwambiri bwereza kawiri. Ikalira monjenjemera n'kutulutsa utsi woyera, mwina plug imodzi kapena ziwiri zinapsa kalekale, kungoti nthawi yotentha sunadziwe. Dizilo nayenso amachita phala kukazizira n'kutseka fyuluta. N'chifukwa chake kuyambira pakati pa November mpaka pakati pa March malo omwetsera mafuta kuno amagulitsa dizilo wopirira mpaka -15. Amene amavutika ndi uja anasiya galimoto ndi thanki ya mafuta a mu September.

Nzeru zakwathu zina kuno sizigwira. Pa Lilongwe galimoto ikakana, anyamata amakankha, iwe giya yachiwiri, kusiya kilatchi, basi yalira, uwapatse ya drink. Kuno 6 koloko m'mawa msewu uli zii, pansi pali poterera, ndipo magalimoto ambiri a anzathu ndi automatic, sakankhika. Chotsala ndi mawaya: wofiira pa + ku mabatire onse awiri, wakuda pa − ya batire wabwino, mbali inayo pachitsulo cha injini ya galimoto yakufayo. Ikalira usaizimitse pakona, iyendetse kwa theka la ola. Madzi otentha pagalasi lakutsogolo ayi ndithu, galasi limatha kung'aluka. Pali kopalira kapulasitiki ndi mankhwala opopera. Kusiyanso injini ikulira pamsewu iwe uli m'nyumba kumwa tiyi ndi mlandu, ndipo akaiba galimoto kiyi ali momwemo a inshuwalansi akhoza kukana kulipira. Amene angakwanitse amalembetsa ku AA kapena RAC, makampani amene amabwera kudzakuthandiza pomwe wafera.

Achimwene anga ku Dedza amadandaula zomwezi ndi pikapu yawo ya dizilo June ndi July aliyense, n'kumanena kuti galimoto za ku Japan n'zosalimba. Ndinawauza kuti batire amaphikidwa ndi dzuwa la October, kenako chisanu cha June chimangomupeza atafooka. Anakapimitsa ku galaja: batire anali ndi zaka zoposa zisanu, ndipo ma heater plug awiri anali atapsa.